Mwana Amene Sankatsanzikidwa

Tsiku lachitatu chibwerereni mayi ake, mtsikanayo anawaluma pamkono mpaka magazi. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mayiwo anatha zaka zisanu kunja akulera ana a eni, wawo akuzungulira m'makomo anayi a abale ngati mpando wobwereka. Tsopano anabwera patchuthi cha mwezi umodzi.

Chowawa n'chakuti mlendo aliyense, ngakhale wowerenga mita ya madzi, mwanayo ankamuthamangira n'kumukhala pamiyendo. Mayi ake akamukhudza, ankauma ngati thabwa.

"Achemwali, uyu ndi katundu," anatero mng'ono wawo, amene anali womaliza kumusunga. "M'mawa kuseka, masana kuswa makapu. Ndinkakuuzani pafoni, inu munkati ndikungofuna munditumizire nsapato."

Mayi wa khomo loyandikana anabwera ndi mapiritsi m'kapepala. "Wanga wamkulu uja analinso chonchi. Kuchipatala anati ndi bayipola, matenda a maganizo. M'patseni theka, mupume."

Kale pamzere wa nyumbazi anthu ankabwerekana mchere ndi singano. Masiku ano amabwerekana matenda, ndi mankhwala ake omwe.

Anam'patsa. Mwana anagona tsiku lonse, dovu lili chuchuchu. Podzuka ankadzandira ngati woledzera. Mayi anam'bereka, waukulu choncho, n'kuthamangira kuchipatala.

Dokotala wa matenda a maganizo anatsekera mapiritsiwo m'kabati. "Awa si maswiti, mayi. Akanamuvulaza." Atamupima mwanayo anafunsa: "Kodi amatha sabata akugona pang'ono koma osatopa, akulankhula osapuma, kenako masabata ena ali ndwii, popanda chomuputa?"

"Ayi, adokotala. Amayamba kulusa ndikangonyamula chikwama."

"Tsiku lomwe munkapita kunja, munamutsanzika bwanji?"

Mayi anayang'ana pansi. "Ndinamuzemba. Anthu anati asalire."

"Nanga abale omwe ankamusunga?"

"Ankamuuza kuti akupita kukacheza, n'kumusiya komweko."

"Ndiye mverani," anatero dokotala. "Bayipola imabwera ndi nyengo zake, ndipo kawirikawiri imayamba mwana atasinkhuka. Imeneyo imafuna mankhwala, ndiponso kupimidwa pafupipafupi. Wanuyu vuto lake ndi lina. Anaphunzira kuti aliyense womulera amasowa, ndiye amakuthamangitsani musanamuthawe. Piritsi silingachize zimenezo. Womulera akhale mmodzi. Mukamachoka muzimuuza, mutchule nthawi yobwera, ndipo nthawiyo muzibweradi. Akalusa, musam'menye, musamuopseze kuti mum'tumiza kwina. Lachinayi lililonse muzibwera kuno nonse awiri."

"Komatu ntchito ikundidikira, adokotala."

"Iyenso wakudikirani zaka zisanu."

Abwana akunja aja anaimba foni kawiri. Kachitatu anali atalemba wina. Mayi anayamba kuchapa zovala za anthu, manja n'kusupuka. M'mawa uliwonse ankagwada pakhomo n'kunena kuti, "Ndikupita, ndibwera folo koloko." Mwana ankakuwa, kumenyetsa mutu pachitseko. Oyandikana nawo ankati, "Mukumuliza dala. Bwanji osangomuzemba?" Mayiwo sanasiye.

Mwezi wachisanu ndi chitatu, mtsikanayo anagwa pamsewu n'kudzicheka bondo ndi botolo. Anabwera yekha akutsimphina, n'kuima pafupi ndi beseni. "Amayi, onani." Anawalola kutsuka balalo, mutu atautsamiritsa paphewa lawo. Sanachire tsiku limenelo, koma anayamba.

Khalidwe la mwana likakusokonezani, musamutchulire matenda a mwana wa mnzanu, ndipo musam'patse mankhwala a wina. Pitani naye kuchipatala, mukafotokoze mbiri yake yonse, ngakhale yochititsa manyazi. Ndipo mukamachoka, mutsanzikeni. Kulira kwa pakhomo kumatha. Kuzembedwa amakula nako.