Msana wa a Harawa

Thumbiko Harawa anali munthu wa pakamwa potsekemera. Ku ofesi kwake ku Mzuzu, kutchalitchi, ngakhale m'minibasi, aliyense ankadziwa kuti bambo ake anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo iye, mwana wabwino, amapita ku Phwezi Loweruka lililonse kukawasambitsa. Kupitako ankapitadi, mwina kawiri pamwezi. Koma kusambitsako linali bodza lamkunkhuniza. Ankangoima pakhomo la chipinda, kupereka moni, kusiya buledi ndi shuga, kenaka n'kutuluka foni ili kukhutu.

Vuto lake anali mantha. A Overton Harawa anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, mkulu wa mpingo, munthu amene sankatuluka m'nyumba opanda tayi. Kuvula malaya munthu wotere, Thumbiko zinkamukanika. Mayi ake anamwalira kalekale, ndipo pakhomopo panali mkazi wa Thumbiko yekha, Lois NyaKhonje. Koma kwawoko mkazi wa mwana salowa kuchipinda kwa apongozi ake aamuna, ngakhale mbale amapereka atagwada chapatali. Thumbiko ankadzinamiza kuti beseni limene Lois amasiya pakhomo likukwanira, mdalayo azidzipukuta ndi dzanja lotsalalo. Pansi pamtima ankadziwa kuti miyezi itatu yatha msana wa bambo ake osaona sopo.

Atatopa ndi chikumbumtima anayamba kufuna munthu wogonera pakhomo pomwepo. Kulengeza kutchalitchi sakanayerekeza, anthu akanati ana ophunzira ayamba kulembera aganyu makolo awo. Anafufuza mwakachetechete. Woyamba anali mayi wina, bambo ake anangopukusa mutu. Wachiwiri anali msuweni, amene anabwera kudzaonekera akununkha kachasu dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe. Kenaka mnzake wina anamuuza za a Raphael Kamwendo, bambo wa ku Ntcheu amene anasamalapo odwala pachipatala china cha mishoni, ndipo tsopano ankakhala ndi mwana wawo wolondera nyama zakutchire ku Thazima. Thumbiko anakondwa kuti ndi munthu wobwera, wopanda womuuza miseche pa Phwezi.

Anakawatenga Loweruka m'mawa. M'galimoto pakamwa paja panayambanso.

"Adada ndimawasambitsa ndekha, a Kamwendo. Kungoti ntchito yachuluka chomene."

"Mwachita bwino, bwana. Ana ambiri amathawa," anayankha a Raphael.

Mawuwo anamulasa Thumbiko. Njira yonse ankangoganiza za chinthu chimodzi: bambo awa akangovula adada malaya, aona zilonda ndi litsiro la miyezi itatu, ndipo adziwa kuti bwana wawo ndi munthu wotani. Anakonza zoti akangowasonyeza chipinda, iye azembe ngati akukagula mayunitsi.

Sizinatheke. A Raphael atapereka moni kwa mdalayo anapempha madzi ofunda. Lois anabweretsa beseni, nalisiya pakhomo, n'kugwada kunja kwa chipinda.

"Bwana, munthu wamkulu savulidwa ndi mlendo tsiku loyamba," anatero a Raphael. "Yambani inu monga mumachitira, ine ndionere."

Thumbiko analibenso pothawira. Anagwada pambali pa bedi, thukuta lili kamukamu, nayamba kumasula mabatani. Sankadziwa n'komwe kuti ayambe ndi mkono uti, mpaka a Raphael anamuthandiza kutembenuza wodwalayo. Anatsinzina, kudikira fungo.

Fungo linabweradi, koma la sopo ndi mafuta odzola. Atatsegula maso anaona msana woyera bwino, wosalala, wopanda ndi kachilonda komwe. M'khwapa munali mometa, zikhadabo zowenga.

"Eee, koma bwana, ntchitoyi mumaidziwa!" anatero a Raphael, akusisita msanawo. "Kuchipatala ndaona misana yambiri. Uwu ndi wosambitsidwa tsiku lililonse, osati Loweruka lokha ayi."

Anangoti atanena, anachotsa dzanja pamsanapo n'kucheukira kukhomo, chifukwa anakumbukira kuti bwana wawo amakhala ku Mzuzu sabata yonse.

A Harawa anayang'ana kukhoma. Misozi inatsika mbali yakufa ija ya nkhope, ndipo lilime lawo lolemera linavutika kutulutsa mawu.

"NyaKhonje, mama, njirani. Lowani."

Lois sanalowe. Anakhalabe chogwada, maso ali pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Pepani, a Harawa," anauza mwamuna wake motsitsa mawu. "Mwezi woyamba anayamba kutuluka zilonda. Ndinakuuzani kawiri, munati mubwera Loweruka. Ndiye ndinkatseka chitseko cha kunja kuti anthu asaone. Adada ankatsinzina, ine n'kumayang'ana kumbali. Sitinauze munthu."

Ankapepesa. Mkazi amene anaphwanya mwambo wa kwawo tsiku ndi tsiku, kunyamula manyazi ake ndi a apongozi ake, ankapepesa kwa iye. Thumbiko analakalaka nthaka itang'ambika. Manyazi amene ankawathawa aja anali aang'ono poyerekeza ndi awa.

A Raphael ananyika kansalu m'madzi, nakafinya, n'kumupatsa m'manja.

"Madzi akuzizira, bwana. Timayambira kukhosi."

Thumbiko anagwira khosi la bambo ake. A Harawa sanatsinzine. Anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wawo m'maso mpaka anamaliza kuwasambitsa.