Tsiku Limene Lukiya Anaulula Ulendo

Kwathu ku Rivirivi ulendo wautali saulengeza. Munthu amangosowa, anthu n'kudzamva mochedwa kuti uje ali ku Joni. Amati ukaulula tsiku lonyamuka, wamtima woipa amakutchera m'njira. Ine Ayisha ndinakulira m'mwambo umenewu ndipo sindinaufunsepo mafunso. Amene anauphwanya ndi mng'ono wanga Lukiya, mtsikana woti ngakhale nkhuku sangazinge, woti bingu likagunda amathawira kuseri kwa chitseko.

Lukiya anapeza mwayi wokaphunzira unamwino ku Indiya, yekhayekha, kwa zaka zingapo, munthu amene kutali kwake konse kunali ku Zomba. Amayi athu, Abiti Usumani, anaigwira nkhaniyi ngati dzira. Sutikesi inalowetsedwa m'thumba la chimanga n'kutsogola pa kabaza kupita kwa amalume ku Balaka. Oyandikana nawo anauzidwa kuti mtsikana akukaona azakhali ake ku Liwonde. Ndipo panali lamulo limodzi limene amayi analibwereza mpaka makutu kuwawa: a Elube asamve.

A Elube ndi mayi wamasiye wa Chilomwe, wopemphera ku tchalitchi, ndipo nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Lukiya ali wakhanda amayi anadwala kwambiri, mkaka n'kuuma. A Elube, amene nawonso anali ndi khanda, anamuyamwitsa mpaka anayamba kukwawa. Pa Chisilamu wokuyamwitsa ndi mayi ako, palibe zokambirana. Koma pambuyo pake azimayi awiriwa anakangana pa malire a dimba la kumtsinje, ndipo chaka chomwecho mbuzi zathu zinafa motsatizana. Amayi anangomaliza okha mlandu kuti watilodza ndi mnzawoyo. Moni anathera pomwepo.

Masiku oyandikira ulendo Lukiya anasiya kudya. Ankangozungulira pakhomo, kuyang'ana mtengo wa mango ngati sanauonepo. Tikuchapa kumtsinje anandiuza mantha ake onse: kusochera pabwalo la ndege, kufunsa njira anthu osamumva, kudwala popanda womuphikira phala. Ndinamuseka kuti namwino wanji woopa kudwala. Koma iye sanaseke. Anati chimene chikumudya kwambiri ndi a Elube, amene miyendo inali itatupa ndipo ankayenda ndi ndodo. Akapita osatsanzika, mwina pobwera adzangoonetsedwa manda.

Ndinamulangiza zanzeru, monga mkulu wake, kuti akafika adzaimbe foni n'kupepesa. Anandiyankha kuti kutsanzika utafika kale si kutsanzika. Ndinangoti ana a masiku ano, n'kupitiriza kuchapa.

Tsikulo litakwana, amayi anamuchitira duwa, pemphero lathu la Chisilamu, m'nyumba zitseko zili zotseka, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anapukuta nkhope, natenga lichero la nandolo, nakakhala pakhonde ngati tsiku lina lililonse, chifukwa kumuperekeza kukanaulula zonse. Ife tinatuluka ndi kachikwama kakang'ono ka munthu wopita ku Liwonde.

A Elube anali pabwalo pawo akusenda mtedza. Ine ndinathamangitsa miyendo, maso kutsogolo. Nditacheuka ndinapeza ndili ndekha. Lukiya anali atapatuka, ndipo anali atagwada kale pamaso pawo, amayi akuona.

Lukiya asanatsegule pakamwa, a Elube anakweza dzanja.

"Iyayi, mwanawe, usandiuze. Thumba lija ndinaliona, chimanga sichikhala ndi makona. Ukandiuza, ukakangopunthwa pamwala uko, adzati ndine."

Apa ndinaganiza kuti zatha bwino: wamantha uja wapatsidwa khomo lotulukira. Koma Lukiya sanadzuke. Mawu ake anawatulutsa onse, mokweza ndithu, kuti afike mpaka pakhonde pathu.

"Amama, ndikupita ku Indiya kusukulu. Basi ndikwera lero ku Balaka, ndege mawa ku Lilongwe. Munandiyamwitsa inu, sindingakudutseni ngati chitsa. Pamene ndinakulakwirani mundikhululukire, ndipo mundilole ndipite."

A Elube anagwetsa mtedza umene unali m'manja mwawo, namugwira Lukiya mutu n'kuugoneka pachifuwa pawo. Anapemphera Chilomwe chosakaniza ndi Chichewa, ndipo zimene ndinatolapo n'zakuti mwanayu akapeze anthu kumene akupitako. Kukhonde kwathu lichero linali litasiya kupeta.

Njira yonse ya ku Balaka ndinamukalipira Lukiya. Ndinati iye akukwera ndege, moto wausiyira ine. Pa depoti analephera kumasula chingwe cha thumba lija, mpaka amalume anachidula ndi mpeni. Lukiya anandifunsa kawiri konse ngati m'ndege amalola munthu kuswali, kupemphera kwathu kwa Chisilamu. Anali yemwe uja, wamantha wathu, sanasinthe ngakhale pang'ono. Pamenepo mkwiyo wanga unatha, ndipo ndinamunyadira. Ine amene ndimadzitcha wolimba mtima ndadutsa pabwalo la a Elube zaka zonsezi ngati wakhungu, kuopa diso la amayi. Iye anaopa amayi, anaopa mwambo, anaopa ulendo, koma anagwadabe.

Basi itayamba kuyenda anakanikiza chikhatho pagalasi. Sanalire mpaka pamene ankaganiza kuti sindikumuonanso.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, mtima uli m'mwamba, ndikukonzekera kulandira mawu. Koma pabwalo pathu ndinapeza zimene sindinazionepo chiyambire mkangano wa dimba. A Elube anali atawoloka njira ndi ndodo yawo, atakhala pansi padothi pafupi ndi khonde, miyendo yotupa ija atatambasula. Amayi anali ataima pakhomo, nkhope ili gwa. Zinkaoneka kuti a Elube angofika kumene, chifukwa anali akupumabe mwabefu.

"Abiti Usumani," anatero, "mwana wandisenzetsa katundu amene sindinamupemphe. Ndikhala pompano, pamaso panu, mpaka timve kuti wafika. Manja anga ndi awa, muziwaona."

Anawatambasula pamiyendo, zikhatho zili m'mwamba.

Amayi anawayang'ana manjawo nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba, ine n'kuti basi chitseko chimenyedwa. Anatuluka ndi mkeka, nauyala pakhonde, nakhala kumapeto kwake. Sanawayang'ane a Elube kumaso, ndipo analankhula kwa ine.

"Ayisha, adzutse amayi akewo, pansipo pazizira. Ulendo wake ngwa mpaka mkuja."