Chithunzi cha a Naphiri

Boma litasamutsa likulu kuchoka ku Zomba, Edwell Chikaonda adafika ku Lilongwe ndi mkazi wake Efelo, mipando ingapo, ndi kamera yomwe ankaisamala kuposa suti yake yakutchalitchi. Adapatsidwa nyumba ku Area 12, yonunkhabe penti, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera basi ya antchito kupita ku Capital Hill.

Kamerayo ndiyo idali matenda ake. Anzake ankapereka filimu kusitudiyo n'kudikira, koma iye adati azitsuka yekha. Loweruka masana ankakhoma bulangeti pawindo la kubafa, kutseka mpata wa kunsi kwa chitseko ndi thaulo, n'kudzitsekera m'menemo ndi mabeseni ake a mankhwala. Zolakwa za ntchitoyi adazichita zonse, palibe chimene adadumpha. Filimu yoyamba idapsa yonse Efelo atatsegula chitseko kudzafunsa ngati bambo amwe tiyi. Ina adaiyanika panja isadaume, fumbi lofiira la malole omanga misewu n'kuimata, anthu onse n'kutuluka ngati odwala nthomba. Tsiku lina adajambula ukwati wa mnzake kuyambira kutchalitchi mpaka kuphwando, osadziwa kuti filimu sidakole m'kati ndipo sinkayenda. Mnzakeyo adasiya kum'patsa moni m'basi. Komabe munthu amaphunzira. Pofika chaka chachiwiri zithunzi zake zinkatuluka zooneka bwino, moti ukadatha kuwerenga njerwa za nyumba zatsopano za ku City Centre.

Kwa Efelo kusamuka kuja kudali kubwerera kwawo. Adabadwira m'mudzi wina kutsidya kwa Lingadzi, ndipo amayi ake, a Naphiri, ankakhalabe komweko. Koma mzinda unkadya malo tsiku ndi tsiku, ndipo anthu a m'mudzimo adauzidwa kuti asamukire kutali cha kumpoto chifukwa pamalopo padzadutsa msewu.

"Inu, nyumba za boma mwajambula zokwanira," adatero Efelo tsiku lina. "Amayi chibadwire alibe chithunzi ngakhale chimodzi. Mukawajambule pakhomo pawo nyumba isadagwetsedwe."

Edwell adavomera msanga, koma padali chovuta. Iye adaleredwa mwakale: mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Chikwatirire Efelo, moni ankaperekera patali, atanjuta pafupi ndi nkhokwe, maso ali pansi. Akakumana nawo panjira ankapatukira kuudzu, nsapato zopolisha zili kuphazi. A Naphiri nawo ankam'pewa chimodzimodzi, ndipo ankanyadira kwa anzawo kuti mwana wawo adakwatiwa ndi munthu wamwambo ngakhale amavala tayi. Tsono kamera ilibe mwambo. Imafuna uime patsogolo pa munthu, utsinzine diso limodzi, linalo ulilunjike pankhope pake.

Adapita Lamulungu atatuluka m'tchalitchi. A Naphiri adasamba, adadzola mafuta, adavala chitenje chatsopano ndi mikanda ya m'khosi, n'kukhala pakhonde manja ali pamaondo. Nkhope adaitembenuzira kumbali, kumene kunkadya mbuzi.

"Amayi, yang'anani kuno," adatero Efelo.

"Ndiyang'ane apongozi anga? Iwe mwana, mutu ukuyenda bwino?" a Naphiri adaseka atagwira pakamwa.

"Simukuyang'ana iwo ayi, mukuyang'ana kagalasiko."

Amayi ndi mwana adakokanakokana choncho, Edwell ali chilili padzuwa, thukuta lili kamukamu. Adaika diso pakabowo koonera, nayambira kunsi monga mwa chizolowezi chake: mapazi, chitenje, manja. Kenaka a Naphiri adagonja, nayamba kutembenuka pang'onopang'ono. Edwell adangoona chibwano chikubwera, ndipo khosi lake lidachita zimene lidazolowera, lidawerama. Kamera idawerama nalo limodzi, chala n'kudina.

"Basi, zatheka. Zikomo kwambiri," adatero akubwerera cham'mbuyo.

Filimu idalipo yambiri, akadatha kujambulanso kawiri kapena katatu. Koma manyazi adapha lambe. Adathawira kuseri kwa nyumba n'kukaimalizira pankhokwe, pambuzi ndi pamtengo wa mango.

Loweruka lotsatira adadzitsekera kubafa. Nthawi imeneyi sadalakwitse kanthu: chitseko adakhoma, mankhwala adali atsopano, filimu adaiumitsira m'nyumba. Pansi pa babu lofiira zithunzi zidayamba kuoneka m'beseni chimodzichimodzi. Mbuzi zidatuluka bwino zedi, mpaka ndevu. Nkhokwe idatuluka ndi nsungwi zake zonse. Kenaka padabwera pepala la a Naphiri. Padaoneka mapazi okhala ndi ming'alu, maluwa a pachitenje, manja a misempha yotupa, mikanda ya m'khosi. Pamwamba pa mikandapo chithunzi chidathera pomwepo.

Adakhala pamphepete pa bafa nthawi yaitali. Potuluka adauza Efelo kuti mankhwala atha, chithunzicho n'kuchibisa pansi pa zovala m'sutikesi.

Lolemba ataweruka adakwera basi kupita ku Old Town, kusitolo ya a Abdulmajid, mmwenye amene ankam'gulitsa filimu ndi mankhwala. Adatulutsa kachidutswa ka filimu, nafunsa motsitsa mawu ngati pali njira yokokera mutu kuti utsike pang'ono. A Abdulmajid adakayang'ana pakuwala kwa pakhomo, napukusa mutu.

"Achimwene, chimene sichinalowe m'kamera sichingatuluke m'beseni. Pitani mukajambulenso. Munthuyu ali moyo, eti?"

"Ali moyo."

"Ndiye vuto lili pati?"

Vuto lidalipo, ndipo lidali pawiri. Kujambulanso kunkafuna kuti auze Efelo kuti iye, katswiri wa ku Area 12, adadula amayi ake mutu. Kunkafunanso kuti akaime kachiwiri patsogolo pa apongozi. Zonsezi zidam'lemera. Adati adikire a Naphiri asamuke kaye. Atasamuka adati akhazikike kaye. Kenaka mvula idayamba, nati msewu uume kaye. Efelo akafunsa za chithunzi, mankhwala adali asadabwerebe kuchokera ku Blantyre. Nyumba ija idagwetsedwa, mtengo wa mango udazulidwa, pakhonde paja padathiridwa miyala.

Malo atsopano sadawayanje a Naphiri. Nyumba idali yosauma bwino, mphepo inkalowa, ndipo mvula ili pakati adadwala chibayo. Uthenga wa matenda ndi wa maliro udafika pafupifupi limodzi.

Efelo adali ndi pakati potopa, choncho amayi akuluakulu adamuletsa kulowa m'nyumba ya siwa pa nthawi yoona nkhope. Adalirira panja atagwiridwa ndi azakhali ake. Edwell adalowa pamzere wa amuna, koma atafika pabokosi khosi lija lidaweramanso, nadutsa akuyang'ana mphasa.

Mwana adabadwa chimanga chikucha, wamkazi, namutcha Zelifa, dzina la paubwana la agogo ake. Tsiku lina Lamulungu masana Efelo adakhala pabalaza akumuyamwitsa. Adalankhula osakweza mawu.

"Mankhwala aja abwere asabwere, ndipatseni filimuyo. Ndipita nayo ndekha kusitudiyo. Nkhope ya amayi yayamba kundithawa. Ndikatseka maso ndikumva mawu okha."

Apa bodza lidafika pamapeto pake. Edwell adalowa kuchipinda, adatsegula sutikesi, nabwera ndi chithunzicho. Adachipereka ndi manja awiri ngati mwana wolakwa, ndipo adafotokoza zonse: khosi, kamera, mbuzi, a Abdulmajid. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo kukadam'pepukira akadakalipiridwa.

Efelo sadakalipe. Adachiyang'ana nthawi yaitali, chala chake chikuyenda pamanja a amayi ake, pamikanda, mpaka pamene pepala lidathera. Chalacho chidapitirira pang'ono m'mwamba, pamene padalibe kanthu.

"Mukadandiuza tsiku lomwelo," adatero. "Ndikadaseka, amayi akadaseka, tikadapitanso mawa lake. Kapenanso mukadandipatsa kamerayo n'kundionetsa podina. Ine ndidalibe chondiletsa kuwayang'ana."

Zimenezo Edwell sadaziganizepo n'kamodzi komwe, ndipo zidam'pweteka kuposa zonse. Njira idalipo, yapafupi, m'nyumba mwake momwemo.

Mwana adasiya bere nayamba kugona. Efelo adam'pukuta pakamwa, namutembenuzira kwa bambo ake.

"Azakhali akuti wafanana ndi amayi pamphumi ndi m'maso. Ine sindikutha kuona bwino, misozi ikundisokoneza. Tamuyang'anani inu, mundiuze ngati n'zoona."

Edwell adawerama nayang'ana kankhope ka mwana wakeyo. Adafufuza m'mutu mwake zaka zonse za ukwati wawo, moni yense wa pankhokwe, ulendo uliwonse wa kutsidya kwa Lingadzi. Adapezamo mapazi, chitenje ndi manja, zomwezo zimene zidali papepala.

"Sindikudziwa," adatero. "Sindidawaonepo."