Mazira a Kameta

Tsiku limene lole yonyamula mchenga inaponda Kameta pamsewu wa kuseri kwa nyumba, mwini wake, mayi telala, sanalire, koma makina ake osokera anangokhala ovundikira mpaka madzulo. Kameta linali thadzi lalikulu la khosi lopanda nthenga, loikira ngati linachita kulembedwa ntchito, losadwala ngakhale chaka chimene chitopa chinasesa makola onse a m'mdadadamo. Tambala wa mtundu wake anali atangogulitsidwa kumene, m'khola mutatsala tambala wamba. Chimene chinatsala cha mtundu umenewu ndi mazira khumi amene anali m'dengu pamwamba pa kabati.

Mwamwayi sabata lomwelo thadzi lakuda linayamba kufungatira. Pakhomopo ankalitcha Wapolisi, chifukwa likakhala pachisa palibe ankadutsa popanda kuimitsidwa. Telala anayala udzu wouma m'katoni, pakona pa khola, n'kuika mazira a Kameta pansi pa Wapolisi. Vuto linali misoti iwiri imene inali itangoyamba kuikira. Khola lonselo, malo onsewo, iyo inkafuna katoni yomweyo basi. Inkakwera pamsana pa Wapolisi, kuikira, n'kutuluka ikutetera ngati yachita chamzeru. Telala ankadziwa kuti mazira osakanikirana saswa tsiku limodzi, ndipo make akadzuka ndi anapiye oyamba, otsalawo amazizira n'kufa. Choncho anapisa m'thumba la epuloni, n'kutulutsa choko chabuluu cholembera nsalu, n'kulemba mtanda padzira lililonse la Kameta.

Mwamuna wake ankayendetsa thiraki ya maulendo ataliatali, ndipo pakhomo pankatsala apongozi, bambo ake a mwamunayo, amene anabwera kudzachira opaleshoni ya bondo. Anali atatopa n'kukhala. Ankatsuka makapu otsuka kale.

"Bambo, ntchito ndakupezerani," anatero telala. "M'mawa uliwonse muzinyamula Wapolisi. Dzira lopanda mtanda muzichotsa, muziika m'dengu. A mtandawo musawakhudze. Alipo khumi."

"Khumi," apongozi anabwereza. "Mayi, ine moyo wanga wonse ndagwira m'nyumba yosungira katundu, sikunasowepo ngakhale msomali. Dzira lingandikanike?"

"Amajompha ameneyo."

"Abwana anganso ankajompha."

Kenako sukulu zinayandikira kutsegulira, ndipo pakhonde la sitolo pamene telala ankasokera panadzaza makolo. Aliyense yunifolomu ankaifuna dzulo. Telala ankachoka kunyumba kusanache bwino, n'kubwerako msana utauma ngati thabwa, ulusi uli m'tsitsi. Akamavula nsapato ankangofunsa kuti, "Kukhola?" Apongozi ankayankha kuti, "Khumi, mayi." Tsiku lina anayamba kuti, "Koma choko chija..." telala n'kuwadula.

"Bambo, chonde mawa. Mutu ukuchita kung'ambika."

Apongozi sanali munthu wobwereza nkhani kwa munthu wotopa.

Mazira a m'dengu ankatengedwa ndi mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankaphika makeke a maukwati ndi a masiku akubadwa. Kutatsala pang'ono kuti masabata atatu akwane, mayiyo anatulukira pakhondepo masana, ufa uli m'mikono, atanyamula mbale yovundikira ndi kansalu. Telala anali atagwada, akuyeza mwendo wa bambo wina wa thalauza.

"Asisi, ine ndinapempha mazira, sindinapemphe nyama," anatero mayi wa makeke.

"Mukuti chiyani, aneba? Ndili pantchito."

"Inenso ndinali pantchito. Keke ya ukwati ikhale ndi mlomo ndi zikhadabo? Mukufuna akwati adzandilire maliro?"

Anavundukula. M'mbalemo munali kamwanapiye kopindika, konyowa, maso aakulu otseka, timiyendo titafika kuchibwano. Bambo wa thalauza anatembenukira kumsewu. Telala sanayang'ane mlomo kapena zikhadabo. Anayang'ana khosi. Linali lopanda nthenga, lofiira ngati chala cha khanda.

"Otere mwapeza angati?" anafunsa, mawu atatsika.

"Aka ndi kachiwiri. Sabata latha ena anali ndi magazi, ndinangoti nkhuku zanu zikudwala, ndinataya. Kodi simunadziwe? Asisi, mwatuwa bwanji?"

Telala anali atanyamuka kale, tepi ili m'khosi.

"Nanga thalauza langa?" anakuwa bambo uja. "Mwayeza mwendo umodzi!"

"Winawo ndi chimodzimodzi!"

Anapeza apongozi pampando wawo pakhomo, wailesi ili pabondo labwinolo. Sanawapatse moni. Analowa m'khola chowerama, Wapolisi n'kufufuma ngati pilo, n'kumujompha kawiri pankhonya. Anamunyamula mapiko n'kumupanira m'khwapa. Mazira analipo khumi, otentha, osalala, onyezimira ngati apakidwa polishi. Anatembenuza limodzi, lina, linanso. Panalibe mtanda ngakhale umodzi.

Anaima choncho, thadzi likuphupha m'khwapa, ndipo anamva mawu ake omwe, amene ankauza makasitomala tsiku ndi tsiku akadandaula mizere yabuluu pamalaya atsopano: musade nkhawa, choko chathuchi chimachoka mukangosasa. Amachipanga dala kuti chizifufutika. Ndiye iye anachilemba pansi pa nkhuku imene imagubuduza mazira usana ndi usiku, mimba yake ili yososoka nthenga ndi yonyowa thukuta.

Apongozi anafika pakhomo la khola akutsimphina.

"Bambo, mitanda ija inatha liti?"

"Inayamba kuzilala sabata loyamba lomwe. Sabata lachiwiri kunalibiretu."

"Ndiye mumachotsa ati?"

"Owonjezera. Ndikapeza khumi ndi awiri, ndimachotsa awiri. Katundu wolowa, katundu wotuluka, otsala khumi. Sanaperewerepo tsiku ndi limodzi lomwe, mayi."

"Koma awiri ake ati, bambo?"

"Amene dzanja lafikira. Ameneyu salola munthu kusankha." Anamuonetsa kuseri kwa dzanja lawo. Kunali mabala ang'onoang'ono, akale ndi atsopano, ngati munthu wadwala nthomba.

Akanakhala mwamuna wake, akanamva mdadada wonse. Akanakhala mwana, khutu likanatentha. Koma awa anali apongozi, aimvi, ataima ndi mwendo umodzi, atachita ndendende zimene anauzidwa mpaka pamene zouzidwazo zinathera. Mkwiyo unakwera, unayang'ana uku ndi uku, n'kusowa pogwera.

"Mukanandiuza," anatero telala.

"Ndinayamba."

"Eya. Munayamba," anavomera telala. "Ndipatseniko bulangete lakuda lija."

Anatengera mazira kuchipinda m'beseni loyalamo thaulo, natenganso awiri a m'mawa umenewo amene anali adakali m'dengu. Dzuwa lili paliwombo, malata akuthetheka, telala anadzifunditsa bulangete mutu wonse, n'kuyatsa tochi ya pafoni, n'kumagunditsa dzira limodzilimodzi pakuwalako. Thukuta linkalowa m'maso. Kunja Wapolisi ankalalata ngati waberedwa pamsika. Ena anali owala mbee, a dzulo ndi dzana. Ena anali ndi mitsempha yofiira yotambalala ngati kangaude, ana a misoti amene anali asanafike n'pakati pomwe. Akuda bii, odzaza, okhala ndi kampata ka mpweya kumutu kokha, anapezeka awiri. Pa awiri a m'dengu aja, limodzi linali lakudanso, koma lozizira ngati mwala wa m'bafa. Analiika kukhutu. Zii.

Pa khumi paja panatsala atatu, ndipo lachitatulo mwina linali maliro kale.

Atatuluka anapeza apongozi atasolola bolopeni m'thumba la malaya. Anangoitambasula. Telala anazunguliza mzere wakuda padzira lililonse la atatuwo, n'kuwabwezera m'katoni. Anang'amba waya wotsala pampanda, n'kutchinga kona yonse ya Wapolisi, misoti ikuyang'ana ili kunja ngati anthu othamangitsidwa m'nyumba ya lendi. Ntchito yake sinatenge ngakhale nthawi yosokera kolala. Ichi n'chimene chinamuwawa koposa.

"Nanga awa?" apongozi analoza beseni.

"A kangaudewo ndi amoyo, koma alibe make. Wapolisi sangawadikire."

"Ndikawakwirira ndine."

"Bondo lanu, bambo."

"Dzanja limene linawasakaniza ndi langa," anatero apongozi, n'kutenga khasu.

Masiku otsatirawo telala ankasoka thupi lokha, mtima uli m'katoni. Anasokerera thumba la shati mkati. Anadula siketi ya mwana wonenepa pa muyeso wa mng'ono wake. Kenako m'mawa wina, akuthira madzi m'chomwera, anamva kamawu kuti piyo piyo pansi pa phiko lakuda. Kamutu kanasuzumira, kachikasu, khosi lili mbee. Telala anagwira pakamwa.

Dzira lachiwiri linali litasukusa. Atalinyamula linkachita khuchukhuchu, ndipo fungo lake linauza zonse. Dzira lachitatu, la m'dengu lija, linali phee. Wapolisi analikhalira tsiku limodzi lokha, kenako anadzuka, nadzikung'untha, n'kuyamba kuitanira mwana wake kuchakudya. Telala anamubwezera pachisa. Anadzukanso. Anamubwezeranso, akumukanikiza pamsana.

"Khala, iwe! Masabata atatu wakhala, lero lokha likukanike?"

Wapolisi anamujompha pachala n'kutuluka.

Telala anatola dziralo kuti akataye, ndipo m'pamene anaona kabowo, kang'ono ngati diso la singano yaikulu. Mkati munali kansonga ka mlomo, kakutsegula ndi kutseka. Kuzizira kwa m'dengu kuja sikunakaphe, kunangokachedwetsa.

Ntchito inkamudikira, ndipo dziralo sakanalisiya. Anathira madzi ofunda m'botolo, analikulunga ndi zidutswa za nsalu, n'kugoneka dzira pambali pake m'kabokosi ka mabatani. Pakhonde paja anaika kabokosiko pafupi ndi makina, pamene diso likanafikira. Akapalasa makinawo pang'ono ankaima, n'kusuzumira. Botolo likazizira ankathamangira kwa mayi wogulitsa tiyi kukapempha madzi ena.

Mayi wa makeke anadutsa akupita kukagula shuga.

"Asisi, mwayamba unamwino? Tangosendani chigobacho katuluke."

"Mukasenda msanga kamataya magazi."

"Mukachedwa kamatopa."

"Ndikudziwa, aneba."

"Ndiye mutani?"

"Sindikudziwa! Kagwireni shuga wanu."

Bambo wa thalauza uja anabweranso, nakhala pabenchi mwendo pamwamba pa unzake.

"Mayi, ine ndiye ndiswa liti? Ndakhalira benchi ili sabata lathunthu."

Anthu anaseka. Telala sanaseke. Kabowo kaja sikankakula. Anatenga kasingano, n'kubenthula chigoba pang'ono m'mbali mwake. Kakhungu ka mkati kanaonetsa kadontho kofiira, iye n'kusiya msangamsanga. Ananyowetsa kansalu n'kufunditsa. Anadikira. Anasoka mpendero wa thalauza, maso ali kukabokosi, mzere n'kukhota ngati njira ya woledzera, n'kusomola, n'kuyambiranso. Kamawu ka m'dziramo kankamveka motalikirana. Dzuwa litapendeka anazindikira kuti papita nthawi osakamva.

Anasenda chigoba chonse tsopano, popeza panalibenso choopa. Kamwanapiye kanali katafa, koma kathunthu, kokongola, khosi lopanda nthenga ngati make. Anakakulunga m'kachidutswa ka nsalu ya yunifolomu. Kenako anamaliza thalauza lija, analisita, n'kulipereka osayang'ana mwini wake kumaso.

Kunyumba anapeza mpando wa apongozi utasuntha. Unali pakati pa bwalo, padzuwa, ndipo iwo anali atakhalapo ndodo ili m'manja, bondo litatupa ngati mpira. Patsogolo pawo Wapolisi ankapalasa dothi, kamwanapiye kakuthamangira uku ndi uku pakati pa miyendo yake. Chakudya chimene telala anawasiyira chinali pawindo, chosavundukula.

Apongozi anayang'ana kabokosi kaja. Telala anapukusa mutu.

"Ndiye kamodzi," anatero apongozi.

"Kamodzi."

"Kathadzi kapena katambala?"

"Sizidziwika msanga, bambo. Mudikira miyezi. Mwawatulutsiranji m'khola?"

"Wapolisi anaboola pansi pa waya yekha. Ine kuthamanga sindingathe, ndiye ndangoti ndikhale pompano. Taonani uyo." Analoza ndi ndodo. Pamwamba pa denga la mayi wa makeke panali khwangwala, mutu atapendeketsa, diso limodzi lili pabwalo. "Wabwera m'mawa. Akundidikira ndilowe kuchimbudzi."

"Ndiye simunalowe?"

"Ndingalowe bwanji?"

Telala anaika kabokosi pansi. Zonse za masabata atatu zija zinatsikira m'dzanja lake lamanja. Anatola chibuma cha njerwa, n'kuponya ndi mphamvu zake zonse. Chinaphonya khwangwala ndi mkono wathunthu, n'kugwera pamalata kuti phwaa! Khwangwala anangodumpha, n'kuteranso pamalo pomwepo.

"Asisi!" anakuwa mayi wa makeke ali m'khitchini mwake. "Munandiphera keke, lero mukufuna denga?"

"Pepani, aneba!"

Anapukuta dzanja paepuloni. Anathandiza apongozi kuimirira, n'kuwalandira ndodo.

"Pitani, bambo. Mukadyenso. Ndakhalapo ine."

Apongozi analowa akugwira khoma. Telala anakhala pampando wotentha uja, ndodo ili pamiyendo, mayunifolomu osamaliza akumudikira kukhonde, maso ake ali pa khwangwala, a khwangwala ali pa kamwanapiye.