Ufa Wobiriwira pa Nkhope ya Saloninus

A Gundel Pesch anauona ufawo Lachiwiri m'mawa, akupukuta fumbi m'chipinda chimene amuna awo ankasungiramo makobidi akale. Dirowa yapamwamba ya kabati inali yotseguka pang'ono. Ataikoka kuti aitseke bwino, anaona kadontho kobiriwira pansalu yofiira ya m'katimo, kofewa ngati chuku cha pa buledi, pambali pa khobidi lachitatu la mzere woyamba. Anawerama. Patsaya la mnyamata wa pa khobidilo panali patabooka.

Makobidi onse a m'dirowamo anali ndi nkhope imodzi. Anzawo a amuna awo, aja ankakumana nawo Loweruka m'kachipinda ka kuseri kwa bala m'dera la Nippes, ankatola mafumu akuluakulu a Aroma, andevu, odziwika ndi nkhondo. Koma amuna awowo, a Ortwin, ankatola Saloninus yekha, mwana wa mfumu amene bambo ake anamusiya kuno ku Köln kuti aziyang'anira mtsinje wa Rhein. Sanakhalitse pampando. Asilikali ogalukira atazinga mzinda, a m'katimo anamutulutsa n'kumupereka, ndipo anaphedwa ndevu zisanamere. "Makolo athu amenewo," ankatero a Ortwin, "odziwa kuchereza alendo."

Chifukwa chotolera mnyamata ameneyu sichinkatchulidwa m'nyumbamo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lutz, anamwalira ali ndi zaka khumi zisanu ndi chimodzi, atadwala masiku atatu matenda oumitsa khosi. A Gundel atalephera kupirira zithunzi zake pakhoma, anazilonga zonse m'katoni n'kukaziika m'chipinda cha pansi pa nyumba. Nyengo yozizira yomweyo mtsinje unasefukira. Madzi ataphwa, m'katonimo munali phala lokhalokha, ndipo zimene achibale anapeza kwawo zinali za ukhanda wake basi. Patapita chaka, a Ortwin anabwera kuchokera kumsika wa zinthu zakale ndi kakhobidi kofwifwa, nakaika patebulo. A Gundel anaona mphuno yosongoka ngati ya Lutz, ndi chibwano chotuluka pang'ono ngati cha mwana amene akukana ndiwo. Anakhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo nkhope ya mwana wawo inatsala m'dirowa imeneyi mokha, yooneka mbali imodzi, yoyang'ana kumanja nthawi zonse. Khobidi loyambalo linkakhala pangodya yapansi, ndipo ndi limene iwo ankaliyang'ana mwakabisira akamapukuta fumbi.

Anawapeza amuna awo kukhitchini akupaka batala pa buledi wakuda.

"Ortwin, m'dirowa mwanu mwagwa chuku."

Mpeni unaima. "Mwatsegula?"

"Inali yotsegula kale. Lachitatu la pamwamba labooka tsaya."

"Ndi fumbi chabe."

"Fumbi lobiriwira? Zaka makumi anayi ndi zisanu ndili nanu, nkhalamba inu, nthenda ya mkuwa ndimaidziwa. Lija anakupatsani ang'ono anu a Jupp sabata yatha, munaliika m'botolo?"

A Ortwin anapitiriza kupaka batala pamalo opaka kale.

Lamulolo linali lodziwika kwa aliyense wa Loweruka uja. Khobidi lochokera m'dothi silisakanizidwa ndi anzake. Limayamba labindikiritsidwa lokha m'botolo la madzi oyera, madziwo n'kumasinthidwa, mpaka mwini wake atatsimikiza kuti silinabwere ndi nthenda, chifukwa ankati ufa wake ukagwera pa lina umalidya nalonso. A Ortwin ndi amene ankalalikira zimenezi kwa obwera kumene, chala chili m'mwamba.

"Ndinaliika," anatero potsiriza. "Masana amodzi. Ndiye ndikulowa, ndikupeza lili pansi pa madzi lokhalokha, likuyang'ana khoma la botolo." Anaika mpeni pansi. "Mwaliyang'anitsitsa koma, Gundel? Ena onse aja amangofanana naye. Ili ndi iyeyo."

A Gundel anali ataliyang'anitsitsa. Linali pakati penipeni pa dirowa, lakuda ndi losalala, ngati lasulidwa dzulo. Tsitsi la pansi pa chisoti chosongoka chija linkawerengeka limodzilimodzi, ndipo milomo inali yotsegula pang'ono. Linali Lutz kuposa mmene iwo ankamukumbukirira Lutz, ndipo n'chifukwa chake sankalikonda.

"Lichotsenimo," anatero. "Litimalizira enawo."

A Ortwin anapita kukakiya kabati n'kuika kiyi m'thumba la malaya.

Lachitatu anatsegula dirowa atangodzuka, nakhala patsogolo pake mpaka masana. A Gundel powabweretsera khofi anasuzumira paphewa pawo. Makobidi ena awiri anali atagwidwa. Nthendayi ankaidziwa kuti imayambira m'mbali, kapena m'timing'alu ta pakati pa zilembo. Apa zilembo zinali bwinobwino. Ufa unkatuluka patsaya, padiso, pakamwa. Lachinayi mzere wonse wapamwamba unali wa anyamata opanda nkhope, ovala zisoti pamwamba pa maenje obiriwira, ndipo mzere wachiwiri unali utayamba. La pakati lija linalibe ngakhale kadontho. A Gundel anayang'ana pangodya yapansi. Panali patatsala mzere umodzi kuti ufa ufikepo.

"Khofiyu mwathiramo chiyani?" anafunsa a Ortwin akunyambita milomo. "Akumveka chitsulo, ngati makiyi."

"Ndi yemweyu wa masiku onse. Simunadye chidyere dzulo, n'chifukwa chake."

"Supu uja ankamvekanso chimodzimodzi."

"Ndipatseni la pangodyalo lokha, ndikalisunge m'kabati ya mbale."

"Akhale onse pamodzi," anatero a Ortwin osatembenuka. "Wakhala yekha nthawi yaitali."

Lachisanu a Gundel anakwera tiramu, sitima yaing'ono ya m'misewu, yopita kumwera kwa mzinda kukafuna a Jupp, ang'ono awo a amuna awo, amene ankayendetsa makina okumbira maziko a nyumba. Anawapeza pa nthawi yopuma ataimirira pa kagolosale ka pakona, akudya soseji ya papepala.

"Alamu, mwabwera kudzandifunsira? Mwachedwa, mano atha."

"Mano omwewo ndi amene anandithawitsa kalelo. Khobidi lija munalitenga kuti?"

"M'dothi. Makobidi amamera kuti?"

"Jupp."

A Jupp anayang'ana wogulitsa uja, kenako anawakokera pambali, pafupi ndi mpanda wa malata. Anapukuta zala pa ovolo nthawi yaitali.

"Tinkakumba maziko a garaja kuseriku, m'mbali mwa msewu wakale. Chibekete chitatukula dothi ndinaona kanthu koyera, ndinatsika. Chinali chibwano, alamu. Chaching'ono, mano onse alipo, okongola kuposa anga. A mbali imodzi anali obiriwira. Khobidilo linali kuseri kwa mano amenewo."

"M'kamwa."

"Ankatero anthu aja. Kumupatsa wakufa ndalama ya bwato, kuti akawoloke kutsidya."

"Ndiye inu munamulanda mwana wa eni ya ulendo."

"Zaka zonsezi, akanakhala wowoloka bwenzi atawoloka." A Jupp anayesa kuseka koma sizinatheke. "Ndikanauza abwana, ntchito ikanaima miyezi, abwere ofufuza zakale aja, okumba ndi timabulashi. Nditaona kuti ndi kamnyamata ka achimwene kaja, ndinangoti aa, akasangalale. Zotsalazo ndinakwirira bwinobwino, ndinavulanso chipewa."

"Tiyeni mukandionetse. Ndikalitenga tikalibweze."

"Pathiridwa simenti Lolemba. Pamwamba pake paima kale zipilala." Anawayang'ana nkhope. "Chachitika n'chiyani? Lili m'botolo, si choncho?"

"Lili m'dirowa, pakati pa anzake."

"Achimwene? Abusa a mabotolo aja?" A Jupp anapukusa mutu. "Mukawauze alichotsemo lero. Makobidi oterewa ndi achinyengo, alamu. Kunja kusalala, m'kati ufa wokhawokha. Nkhope ijatu ndi kakhungu chabe, mukakadina ndi chala chonyowa kakhoza kusupuka." Anayang'ana soseji yotsala ija n'kuiponya m'bini. "Masiku awiri amene linagona m'thumba mwangamu, chilichonse chimene ndinkadya chinkamveka chitsulo. Ngakhale mowa. Ndinalipereka n'chifukwa cha zimenezonso, ndisakunamizeni."

A Gundel sanatsanzike. M'tiramu anakhala pafupi ndi chitseko, chikwama atachigwira pamiyendo ndi manja onse awiri. Kunja anthu ankagula maluwa, ena ankakankha njinga, dzuwa lili phwee pamatailosi a madenga. Anaganiza zokathyola loko wa kabati ndi mpeni wa buledi. Zaka zonsezi anali asanagwirepo khobidi la amuna awo ndi dzanja, koma lero akanaligwira, akanalikulunga m'pepala n'kupita nalo kulikonse, ngakhale kwa ansembe.

M'nyumba munali zii. Kukhitchini supu amene anawasiyira anali atachita khungu pamwamba, supuni ili youma pambali. Chitseko cha chipinda cha makobidi chinali chotsegula.

Dirowa inali patebulo. Nsalu yofiira inali itasesedwa bwino. Makobidi odyeka aja anali atachotsedwamo n'kuikidwa patali, lililonse m'kapepala kake, mmene a Ortwin ankaphunzitsira ena. Mizere iwiri yapansi inali yamoyo. La pangodya linali pamalo pake, lofwifwa, chibwano chake chili chitulukire. A Gundel anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kupuma. Kenako anaona kuti pakati pa dirowa pali kabwalo kopanda kanthu.

Anayang'ana pawindo pamene pankakhala botolo. Linali pomwepo, louma, chotsekera chili pambali.

A Ortwin anali pampando wa pafupi ndi windolo, msana uli chilili, manja pamaondo, akuyang'ana kukhoma. Kuwala kunkawagwera mbali imodzi ya nkhope.

"Mwachita bwino, bambo," anatero a Gundel motsitsa mawu. "Mwaliika kuti?"

A Ortwin anangoyang'anabe kukhoma.

"Ndachokera kwa a Jupp. Khobidi lija si lathu, lili ndi mwini wake. Mwaliika kuti?"

Khosi la a Ortwin linagwedera. Tsaya lawo linali lotupa pang'ono pafupi ndi mano a m'mbali, ndipo pangodya ya milomo panali kamzere kobiriwira kotsikira kuchibwano.

A Gundel anagwada pamaso pawo, maondo akulira, n'kutchera dzanja pansi pa chibwanocho.

"Lavulani."

A Ortwin anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ortwin Pesch, ndati lavulani."

Pansi pa windo panadutsa njinga ikuliza belu. Kenako milomo inatseguka, ndipo kanthu kofunda kanagwera m'dzanja mwawo. Zilembo za dzina la Saloninus zinali zikadalipo mozungulira m'mbali, ndi nsonga za chisoti. Pansi pa chisoticho panali dzenje la phala lobiriwira.

"M'botolo likanakhala lokha," anatero a Ortwin, lilime likulemera. "M'dirowa likudya anzake. Ndiye ndikanaliika kuti? Linkangofuna pofunda."

"Nkhope ili kuti?"

"Inasupuka yokha. Sindinatafune."

"Lavulani imeneyonso. Dikirani, nditenge madzi muchukuche, kenako tiimbire adokotala."

A Gundel anaika khobidilo m'botolo louma lija n'kutseka, napita kukhitchini. Anatunga madzi m'tambula. Pobwerera anaima pakhomo, chifukwa a Ortwin anali atayamba kulankhula akuyang'anabe kukhoma.

"Musavutike ndi madzi. Ndameza kale."

Atatero anatembenuza mutu, pang'onopang'ono ngati munthu wa khosi louma, mpaka anawayang'ana akazi awo maso ndi maso. Mphuno inali ya a Ortwin, chibwano chinali cha a Ortwin, zomwezo zimene a Gundel anakhala akuziona patebulo m'mawa uliwonse. Anthu ankanena kalelo kuti mwanayo anatengera bambo ake, iwo n'kumakana. Koma tsopano, koyamba m'zaka makumi atatu, anali kuiona nkhope ya Lutz kuchokera kutsogolo, maso onse awiri, makutu onse awiri, itakwinyika ndi kuchita imvi, ikuwadikira kuti anene kanthu.

Lamya inali m'khonde, mapazi asanu kumbuyo kwawo. A Gundel anaima pomwepo ndi tambula m'manja, osayandikira, osabwereranso m'mbuyo.

"Musatembenukenso," anatero. "Khalani choncho pang'ono."