Thaulo Lomwe Asa Anakana

Ku tchalitchi cha Odell, kumapiri a ku Kentucky kuja, akatha mgonero amasambitsana mapazi. Azibambo mbali yawo, azimayi mbali yawo, beseni pansi, thaulo m'chiuno. Odell sankaukonda mwambowu kkkk, poti mapazi a m'bale Dewey ankanunkha mpaka makanda kuyamba kulira. Koma Lamulungu ili za Dewey analibe nazo ntchito. Mantha ake anali pa mlendo.

Mlendoyo ankadzitcha Asa. Anabwera ndi kaminibasi koyera, tsitsi lofika m'mapewa, ndipo m'zikhatho zonse ziwiri anali ndi zipsera pakati penipeni. Sankakuwa ayi. Ankangotambasula manja n'kuti, "Ndabweranso. Mukundidziwa." Ankati dziko lipsa posachedwa, opulumuka ndi okhawo okwera naye kupita kuchipululu. Amanyamuka tsiku lomwelo.

Twila, mkazi wa Odell, anali atalongedza kale chikwama, chili m'galimoto.

"Twila, paja Ambuye anachenjezeratu kuti kudzabwera onama ambiri m'dzina lawo," anatero Odell ali m'njira.

"Nanga akakhala Iwowo? Mudzawauza kuti munatsalira nkhuku zanu?"

Odell mumtima anali ndi kapulani kake. Paja pamtanda misomali sinalowe m'manja mokha. Ndikaona mapazi.

Nthawi itakwana anathamangira kukagwada patsogolo pa Asa, mpaka Dewey anadabwa kuti lero watani ameneyu. Anamuvula nsapato. Anamuvula sokosi.

Zipsera zinalipo. Phazi ili, phazi ilo.

Odell anathira madzi, anapukuta ndi chala mwakabisira kuti mwina ndi utoto. Sizinachoke. Asa anawerama, mpweya wake ukumugunda pakhutu.

"Odell. Ndikudziwa chomwe umafuna kuona. Mkazi wako ndi wanga tsopano."

Odell mutu unasiya kugwira ntchito. Thupi lokha ndi lomwe linapitiriza zomwe linazolowera kuyambira ali mwana. Ukasambitsa mnzako umadzuka, umamasula thaulo, umampatsa, iwe n'kukhala pabenchi kuti nayenso akugwadire. Ndiye anangochita zomwezo. Anakhala, mapazi pamtunda, thaulo atalitambasula.

Asa analiyang'ana ngati njoka.

"Ine sindigwadira munthu."

Azimayi omwe ankaimba mbali inayo anasiya mmodzimmodzi. Tchalitchi chonse zii, kumangomveka madzi akudontha.

Dewey anakanda pakhosi. "Pepanitu achimwene. Ambuye omwe ndimawadziwa ine anagwada okha. Anasambitsa ngakhale uja anawagulitsa. Ndi mapazi angawa akanasambitsa."

Zinali zoseketsa kkkk koma palibe anaseka, chifukwa nkhope ya Asa inali itasintha. Kumwetulira kunali pompo, koma maso anali ouma gwa, ngati a munthu yemwe akuwerenga mitu kuti adzakumbukire. Anadzuka wopanda nsapato, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo, mapazi onyowa akusiya zidindo pamatabwa. Mabanja angapo anamutsatira, ana akukokedwa dzanja.

Pakhomo anatembenuka.

"Twila. Tiye."

Twila anaimirira. Mkaziyo anayenda molunjika kukhomo, nkhope ili mbuu. Atafika pomwe panakhala mwamuna wake anaima. Anatenga thaulo lija m'manja mwake.

Mkazi sasambitsa mwamuna m'tchalitchimo, aliyense amadziwa. Koma Twila anagwada pomwepo, mbali ya azibambo, n'kuika mapazi a Odell m'beseni. Abusa anangoyang'ana kudenga.

"Madzi azizira," ananong'ona Twila, misozi ikugwera momwemo. "Musayang'ane kukhomo. Akadali pompo?"

"Akadali pompo."

Anapitiriza kusambitsa mapazi oyera kale, mpaka minibasi inalira panja n'kutsika phiri.

Nsapato za Asa zinatsala pansi pa benchi. Palibe anafuna kuzigwira.