Ndalama za Mwendo wa a Vitus

Esnat anali akukanda ufa wa chapati pamene alamu ake, a Medson ochokera ku Limbe, anakhosomolanso. Chifuwa chotere ankachidziwa. Sichinali cha mphepo ya ku Nairobi ayi, chinali cha munthu amene nkhani yamukhala pakhosi.

Mwamuna wake, a Vitus, anali atawaika dzana ku Lang'ata, koma nyumba ya ku Buruburu inali isanazizire. Anthu ankabwera, kulira pang'ono, kenako n'kuyamba kuseka pokumbukira mmene malemu ankaimitsira maminibasi otchedwa matatu ndi ndodo yoyendera, uku akukalipa m'Chiswahili chothyokathyoka.

"Alamu, musandimve molakwa," anatero a Medson, atakhala pakampando ka kukhitchini. "Ine ndine kalaliki, zinthu izi ndimazidziwa. Boma likamapereka ndalama za ulumali limayang'ana malipiro amene munthu ankalandira asanavulale. Achimwene anali makaniko wamkulu. Ndiye zimene mwanditchulira dzulo zija zachepa zedi. Kumudzi akakandifunsa ndikati chiyani?"

Esnat anamva bwinobwino kumene nkhaniyo inkaloza. Munthuyu akangokwera ndege ndi maganizo amenewo, ku Malawi konse dzina lake likakhala la mkazi wobisa chuma cha malemu. Zinamuwawa kwambiri. Yankho anali nalo, koma pakamwa panali pomangidwa. Chaka chimene makina anaphwanya mwendo wa a Vitus, iwo anamulumbiritsa ali pabedi: "Medson asadzamve. Ukadzamuuza, ine nditafa ndizidzakubwerera kutulo ndi nthabwala zanga zakale zomwe zija." Ndipotu nthabwalazo zinali zotopetsa.

Anaika chiwaya pa jiko la makala, n'kupukuta manja pachitenje.

"Poti ndinu akalaliki, ndiphunzitseni mbuli ine. Amayang'ana malipiro a mwezi wa ngoziwo?"

"Ayi, ayi," anatero a Medson, nkhope itawala, pakuti palibe chimene ankachikonda kuposa kufunsidwa. "Amaphatikiza za chaka chonse cha m'mbuyo, n'kugawa ndi miyezi khumi ndi iwiri."

"Nanga m'chakamo mutakhala miyezi imene munthu sanalandire kanthu?"

"Imakokera zonse pansi. Koma achimwene kujomba? Munthu uja ankapita kuntchito ndi malungo omwe."

"Mwendo unapita mu Novembala 1979," anatero Esnat, akutembenuza chapati. "Inu chaka chimenecho munali kuti, alamu?"

A Medson anayamba kukumbukira. Chaka chimenecho iwo anali gone m'chipatala ku Blantyre ndi chifuwa chachikulu, achibale atayamba kale kunong'onezana za matabwa. Mkulu wawo anatulukira kuchokera ku Nairobi chimanga chili chachiwisi, n'kudzabwerera chitalowa m'nkhokwe. Ankagona pamkeka pansi pa bedi, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kukangana ndi anamwino ngati chipatalacho n'chawo.

"Koma anandiuza kuti mabwana awapatsa tchuthi cholipidwa," anatero a Medson motsitsa. "Ati anachita kuwachonderera kuti akapume."

"Munaonapo bwana wochonderera makaniko kuti akapume?"

"Ndiye kuti anandinamiza."

"Ine sindinatchule kanthu," anatero Esnat msangamsanga, akuyang'ana kudenga ngati akulankhula ndi malemu. "Mwamva, bambo a Lorna? Awerengera okha. Mukafuna kubwera kutulo, ang'ono anuwa agona pabalaza."

A Medson anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma kusekako kunathyokera panjira. Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, manyazi atawagwira ngati mwana wopezeka ndi dzanja mumphika.

"Ndakhululukidwa kodi, alamu? Ine ndabwera kudzafunsa ndalama zimene ndinadya ndekha."

"Idyani chapati ikadali yotentha."

Anainyema, koma sanaike m'kamwa. "Zaka zonsezi sanadandaulepo?"

"Iwo aja? Tsiku lolandira ankatsika pamsika, n'kugula theka la kilo ya nyama ya mbuzi. Ndikayamba kung'ung'udza kuti ndalamazo n'zochepa, ankati, 'Mayi, boma lawerengera bwino. Zotsalazo zikuyenda ndi miyendo iwiri ku Limbe.'"

A Medson anayang'ana miyendo yawo kwa kanthawi, ngati akuiona koyamba. Kenako anaimirira, n'kutenga dengu limene linali pamsomali kuseri kwa chitseko.

"Wogulitsa nyamayo ali mbali iti?"